Baji ya pathumba la yunifolomu: mafunso ndi mayankho pa makina opetera nsalu

Sukulu zikayandikira kutsegulira mu Seputembala, matelala a m'makonde a ku Kawale, Biwi ndi pa Nsungwi ku Area 25 amaweruka mdima utagwa. Malaya, masiketi ndi akabudula amasokedwa pomwepo. Koma ikafika nkhani ya baji ya pathumba, ambiri amamanga mtolo, kukwera nawo minibasi kupita m'tauni kwa munthu amene ali ndi makina opetera a kompyuta. Kumeneko amadikira pamzere, amalipira baji iliyonse payokha, ndipo gawo la phindu limatsalira komweko. Telala akabwerera kangapo, maganizo oti agule makina akeake amayamba kumuvuta. Chimodzimodzinso mayi wa ku Area 23 amene amapeta mapilo ndi nsalu za patebulo pamanja, anzake n'kumamuuza kuti luso lakelo ndi ndalama.

Maganizowo si oipa, koma makina ndi gawo laling'ono la ntchito yonse. Zimene zimagwetsa anthu nthawi zambiri ndi fayilo yolakwika, nsalu yoika kumbuyo, magetsi ndi kusowa maoda okhazikika.

Kodi makina opetera amasiyana bwanji ndi makina osokera wamba?

Pa kalumikizidwe ka ulusi palibe kusiyana. Singano imatsitsa ulusi wapamwamba, kansonga ka shatulo n'kuukola ndi kuuzunguliza pa ulusi wa m'bobini. Kusiyana kuli pa chimene chimayendetsa nsalu. Pa makina osokera, timano ta pansi pa singano timakokera nsalu kutsogolo, mzere umodzi. Pa makina opetera, timano timeneti kulibe kapena timatsitsidwa. Nsalu imamangidwa mu fulemu, ndipo fulemuyo ndi imene imayenda, kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, singano ikungobaya pamalo amodzi. Woyendetsa fulemu akhoza kukhala manja a munthu, kapena timamota tiwiri tomvera kompyuta.

Makina oyamba opetera anapangidwa ndi Josué Heilmann ku Mulhouse m'dziko la France mu 1828. Mu 1863 Isaak Gröbli wa ku Switzerland anapanga ena ogwiritsa shatulo, ndipo mzinda wa St. Gallen unalemera ndi malonda a nsalu zopetapeta mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kampani ya Tajima ya ku Japan inayamba kupanga makina a mitu ingapo mu 1964. Masiku amenewo chithunzi chinkasungidwa pa lamba wa pepala wobooledwa timabowo. Kompyuta inalowa m'ntchitoyi cha m'ma 1980, ndipo kampani ya Wilcom ya ku Australia ndi imodzi mwa zimene zinatsegula njira.

Nanga amene ali ndi Singer kapena Butterfly yopalasa angathe kupeta?

Angathe, ndipo anthu akhala akutero kwa zaka zoposa 100. Kampani ya Singer inatulutsa buku lophunzitsa kupeta pa makina opalasa mu 1911. Munthu amachotsa kaphazi kopondereza nsalu, amaphimba kapena kutsitsa timano, amajambula duwa pansalu ndi choko kapena pensulo, kenako amayendetsa fulemu ndi manja awiri miyendo ikupalasa. Chovuta ndi kugwirizanitsa liwiro la miyendo ndi la manja. Masabata oyamba singano zimathyoka zambiri, ndipo chala chiyenera kukhala patali.

Amene akufuna kupita patsogolo pang'ono amagula makina a zigizagi a m'gulu la Singer 20U kapena ena opangidwa mofanana nawo ku China. Pa makina amenewa kukula kwa zigizagi kumatha kusinthidwa ndi bondo makina akuyenda, motero tsamba la duwa limayamba lowonda, n'kufutukuka pakati, n'kuwondanso kumapeto. Palinso makina a Cornely, opangidwa ku Paris kuyambira m'zaka za m'ma 1860, amene amayendetsedwa ndi chogwirira cha pansi pa tebulo ndipo amasoka ulusi wolukana ngati tcheni. Mikanjo yambiri ya ku West Africa yokongoletsedwa pakhosi ndi pachifuwa imadutsa pa makina a mitundu iwiri imeneyi.

Njira ya manjayi ndi yabwino pa khosi la diresi ya chitenje, pa malaya a akwati pa chinkhoswe, pa nsalu ya paguwa la tchalitchi, paliponse pamene chinthu chili chimodzi ndipo kasitomala akufuna kuti chisafanane ndi cha wina. Sifuna fayilo, ndipo pa makina opalasa sifunanso magetsi. Imalephera pamene sukulu yaitanitsa mabaji 300 ofanana ndendende, okhala ndi timalemba ta mamilimita 6. Pamenepo dzanja, ngakhale la katswiri, limapereka mabaji 300 osiyana.

Pa makina a kompyuta, a singano imodzi ndi a singano zambiri, ogula asankhe ati?

Yankho lili pa wotchi. Makina a panyumba, monga a Brother, Janome kapena Bernina, amakhala ndi singano imodzi. Mtundu wa ulusi ukatha ntchito yake, makina amaima, munthu n'kuchotsa ulusiwo, kulowetsa wina, n'kuyatsanso. Brother PE800, amene ndi odziwika kwa oyamba kumene, amathamanga masitichi 650 pa mphindi ndipo fulemu yake yaikulu ndi ya masentimita 13 ndi 18. Ena otsika mtengo amalekezera pa masentimita 10 ndi 10. Makina a bizinesi amakhala ndi singano 6, 10, 12 kapena 15 pamutu umodzi, iliyonse ndi ulusi wake. Amasintha okha mtundu, amadula okha ulusi, ndipo amafika masitichi 1,000 mpaka 1,200 pa mphindi, ngakhale kuti wodziwa ntchito sawathamangitsa mpaka pamapeto.

Tiyerekeze baji ya masitichi 8,000 ya mitundu isanu. Pa makina a panyumba kusoka kokha ndi mphindi 12. Kuwonjezera kumanga fulemu, kusintha ulusi kanayi ndi kudula timaulusi totsalira, baji imodzi imadya mphindi 20 kapena 25, kutanthauza mabaji pafupifupi 20 pa tsiku la maola 8. Pa makina a singano 15 baji yomweyo imatha m'mphindi 10, munthu akumanga kale malaya otsatira mu fulemu ina, motero 35 kapena 40 pa tsiku n'zotheka. Oda ya mabaji 300 ndi masabata awiri ndi theka kwa woyambayo, sabata imodzi ndi masiku ochepa kwa wachiwiri, ndipo kwa mwini makina a mitu inayi ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu. Mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake ikutsegulira Lolemba sadikira woyambayo.

Palinso nkhani ya kapangidwe. Makina ambiri a panyumba ali ndi tebulo lafulati, ndiye chipewa, mkono wa jekete kapena thumba losokedwa kale zimavuta kulowetsa. A bizinesi ali ndi mkono wowonda umene umalowa m'kati mwa chovala, komanso fulemu yozungulira ya zipewa.

Mtengo nawo umatsata. A panyumba amayambira pa madola mazana angapo, a singano zambiri opangidwa ku China ndi madola masauzande angapo, ndipo a Tajima, Barudan kapena ZSK atsopano amapitirira madola 10,000 pa mutu umodzi. Wopeta mayina pa matawulo, pa zovala za ana ndi pa mphatso za pa bridal shower, makina a singano imodzi amukwanira. Wofuna mayunifolomu asadzinamize: makina a panyumba sanapangidwe kuti azilira maola 10 tsiku ndi tsiku.

Kasitomala watumiza logo pa WhatsApp. Kodi ndi nkhani yongoika mu fulashi n'kubaya m'makina?

Apa ndi pamene ambiri amagwira njakata makina atafika kale m'nyumba. Makina opetera sawerenga chithunzi. Amawerenga mndandanda wa malo amene singano ibaye, limodzi ndi limodzi, ndi malamulo oti apa dumpha, apa dula, apa sintha ulusi. Ntchito yosandutsa chithunzi kukhala mndandanda umenewu imatchedwa digitizing, ndipo imachitika pa kompyuta ndi munthu amene amadziwa khalidwe la ulusi ndi nsalu.

Munthuyo ali ndi masitichi a mitundu itatu basi. Woyamba ndi woyenda mzere umodzi, wa m'mphepete ndi tinthu ting'onoting'ono. Wachiwiri ndi satini, wopita uku ndi uku mothinana, umene umapanga malemba ndi malire owala. Wachitatu ndi tatami, wodzaza malo aakulu. Satini akatalika kupitirira mamilimita 7 kapena 8 amayamba kulendewera ndi kukoledwa pochapa, ndipo mtundu wa fayilo wotchedwa DST pawokha sulola sitichi imodzi kupitirira mamilimita 12.1. Mizere ya ulusi kawirikawiri imatalikirana ndi mamilimita 0.4. Ikathinana kuposa apo baji imauma gwa, singano imatentha, ulusi umaduka. Ikatayana nsalu ya pansi imaonekera.

Pansi pa zimene diso limaona pamakhala masitichi ena oyala maziko, amene amagwira nsalu kuti isayende. Komanso ulusi ukamathina umakoka nsalu, motero mzere wojambulidwa mamilimita 3 umatuluka wowonderapo, ndipo bwalo lozungulira bwino pa kompyuta limatuluka lophwatalala ngati wokonza fayilo sanawonjezere pang'ono mbali imene ulusi ukukokera. Kuchuluka kwa chowonjezeracho kumadalira nsalu. Fayilo imene yatuluka bwino pa ovolosi ya kaki ikhoza kunyansa pa malaya a gofu, ndipo ya chipewa imayenera kuyambira pakati kupita m'mbali, kuchokera pansi kukwera m'mwamba.

Mbendera ya Malawi ndi mayeso abwino a wokonza fayilo. Dzuwa lake lotuluka lili ndi malaza 31. Pa mbendera ya masentimita 5 ya pamkono, malaza amenewo amakhala owonda kwambiri moti satini sangakwanepo, ndipo wosadziwa amatulutsa chibulumwa chofiira pansalu yakuda. Wodziwa amasankha sitichi ya mzere umodzi, kapena ulusi wowonda ndi singano yaing'ono, kapena amauza kasitomala kuti mbenderayo ikule. Malemba nawo ali ndi malire: ochepera mamilimita 5 sawerengeka ndi ulusi wamba. Sukulu zambiri zimafuna dzina, mwambi wa sukulu, bokosi la kupositi ndi nambala ya foni pa baji imodzi. Wopeta wanzeru amakambirana nawo zochotsa asanayambe.

Mapulogalamu ake alipo odula monga Wilcom ndi Hatch, ndipo ilipo yaulere yotchedwa Ink/Stitch imene imagwira ntchito m'kati mwa Inkscape. Ambiri ali ndi batani losandutsa chithunzi lokha, koma zotuluka pamenepo n'zoyenera kuyesera pa chigamba, osati pa jekete la kasitomala. Makina aliwonse ali ndi mtundu wa fayilo umene amawerenga: PES ndi ya Brother, JEF ndi ya Janome, EXP ndi ya Melco ndi Bernina, pamene DST ya Tajima imawerengedwa ndi pafupifupi makina onse a bizinesi. DST sisunga mitundu ya ulusi, imangosunga pamene makina aime kuti asinthe, choncho woyendetsa makina ayenera kukhala ndi pepala losonyeza kuti woyamba ndi wobiriwira, wachiwiri ndi woyera. Akasokoneza, mkango wa pa baji umatuluka wabuluu.

Kodi ulusi wosokera wa mu Area 2 sungagwire ntchito?

Pa makina opalasa ungagwire, pa a kompyuta umabweretsa mavuto. Ulusi wosokera uli ndi ubweya umene umadzaza m'shatulo, ndipo suwala. Ulusi wopetera wodziwika ndi wa nambala 40, wa polyester kapena rayon. Rayon ndi wofewa ndi wowala bwino, koma sapirira Jik. Yunifolomu ya mwana wa sukulu, ya namwino kapena ya wophika imachapidwa mwamphamvu ndi kuyanikidwa padzuwa la Okutobala, ndiye polyester ndiye woyenera. Wa m'bobini amakhala wowonda, wa nambala 60 kapena kuposa, woyera kapena wakuda.

Ulusi sudya ndalama zambiri monga anthu amaganizira. Masitichi 1,000 amatenga pafupifupi mamita 5 a ulusi wapamwamba, motero chikoni cha mamita 5,000 chimapeta mabaji oposa 100 a masitichi 8,000. Kugula ulusi wotchipa wosadziwika kochokera n'kupulumutsa tambala n'kutaya ola, chifukwa ukaduka kasanu pa baji imodzi makina amakhala ali chiimire.

Singano ya tsiku ndi tsiku ndi 75/11, ndipo makina a bizinesi ambiri amagwiritsa za mtundu wa DBxK5. Yansonga yobulungira ndi ya nsalu zotamuka, yakuthwa ndi ya jinzi, kaki ndi zipewa. Poona ngati ulusi wathina bwino, amatembenuza nsalu: kumbuyo kwa chilembo cha satini, ulusi woyera wa bobini uyenera kuoneka pakati, kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu.

N'chifukwa chiyani baji zina zimakwinyika malaya akangochapidwa kamodzi?

Kawirikawiri mlandu ndi wa nsalu yolimbitsa ya kumbuyo, imene ogulitsa amaitchula kuti backing. Masitichi 8,000 pamalo a chikhatho ndi katundu wolemera pa nsalu yopyapyala, ndipo payenera kukhala china chomusenza. Ilipo yong'amba ndi manja ntchito ikatha, yoyenera nsalu zosatamuka monga kaki, jinzi ndi zipewa. Ilipo yodula ndi sizasi, imene imatsalira kumbuyo kwa baji moyo wonse wa chovalacho, ndipo malaya a gofu, matisheti ndi majuzi amafuna imeneyi. Yachitatu imasungunuka m'madzi, ndipo imayalidwa pamwamba pa tawulo kuti malemba asamire mu ubweya.

Backing yeniyeni ikasowa kapena ikakwera mtengo, ena amaika nyuzipepala kapena pepala lina lililonse. Tsiku lotenga katundu baji imaoneka bwino. Ikalowa m'beseni pepala limasungunuka, baji n'kupindika, ndipo kholo limene linalipira silipita kukadandaula kwa wogulitsa pepala.

Kamangidwe ka fulemu nakonso kamawononga zovala zambiri. Nsalu iyenera kukhala yosalala ndi yogwira, koma osaikunga ngati chikopa cha ng'oma. Tisheti ikakokedwa pomanga, imapetedwa ili yotamuka, ndipo ikamasulidwa imabwerera m'malo mwake n'kusiya makwinya kuzungulira baji. Chitenje chatsopano chimafuna kuchapidwa kaye kuti chichoke sitachi ndi kufupika chisanapetedwe.

Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, makina a kompyuta angapirire?

Kuzima kwenikweniko si koopsa kwambiri. Makina ambiri a bizinesi amakumbukira sitichi imene analekezera, ndipo magetsi akabwera woyendetsa amabweza masitichi angapo m'mbuyo n'kupitiriza, bola fulemu isagwedezedwe. Choopsa ndi mphamvu imene magetsi amabwera nayo poyaka, ndi ziphaliwali za m'dzinja. Bolodi ya kompyuta ikapsa, si chinthu chimene munthu angakachipeze pa Biwi Triangle monga amapezera sipeya ya Toyota. Imaitanitsidwa kunja, ndi madola, makina ali chikhalire mwezi kapena iwiri.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amabizinesi ang'onoang'ono anadziwa tanthauzo la kukhala tsiku lonse osayatsa makina. Mwayi wake ndi wakuti makina opetera a mutu umodzi sadya magetsi ambiri: ndi mawati mazana ochepa, pansi kwambiri pa ayironi. Choncho sola ya mapanelo ochepa, batire ndi inverter ya mtundu wa pure sine wave zimawayendetsa. Jenereta yaing'ono yotchipa imapereka magetsi okwera ndi kutsika, ndiye pakati pake ndi makina payenera kukhala chowongolera mphamvu. Kusoka ndi magetsi a dzuwa si zachilendo mu Lilongwe. Malo osokera a Mayamiko ku Chinsapo amayendera sola, ndipo n'kumene kunachokera diresi imene Meghan Markle anavala ku Nyanga mu mzinda wa Cape Town mu Seputembala 2019.

Wotumiziridwa makina ndi m'bale wa ku America awerenge kaye kachitsulo ka kumbuyo. Kuno magetsi ndi a 230 V, kumeneko ndi a 120 V, ndipo makina olembedwa 120 V okha akalumikizidwa popanda transformer amapsa nthawi yomweyo.

Makinawa amagulidwa kuti, ndipo akale ndi odalirika?

Palibe fakitale ya makina opetera m'Malawi muno. Amabwera kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Tete, ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kapena pa sitima kuchokera ku China, kumene mzinda wa Zhuji m'chigawo cha Zhejiang uli ndi mafakitale ambiri a makinawa. Mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali mayendedwe, msonkho wa MRA ndi vuto lopeza ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama za makina m'makwacha chaka chimenecho anadzuka akupeza kuti zatsala zogulira magawo awiri mwa magawo atatu ndi pang'ono. Ulusi, singano ndi backing nazo zimatsata dola.

Makina akale a ku Japan osamalidwa bwino amatha kugwira ntchito zaka zambiri kuposa atsopano osadziwika dzina. Koma wogula asapereke ndalama asanawaone akupeta. Apite ndi fayilo yake pa fulashi, ndi malaya ake a gofu, aone singano zonse zikusoka, chodulira ulusi chikudula, ndi kumva ngati mutu ukugogoda. Makina amasunga chiwerengero cha masitichi onse amene asoka chiyambire, ndipo nambala imeneyo imanena zambiri kuposa utoto wa kunja. Ena akale kwambiri amawerenga floppy disk yokha, ndiye pamafunika kachipangizo kosinthira ku fulashi. Mafulemu a zipewa, mabobini ndi buku la makina zikhalepo pa mtengo womwewo. Funso lomaliza, limene liyenera kukhala loyamba, ndi lakuti mu Lilongwe muno ndani amakonza mtundu umenewu.

Makasitomala ake ndani m'malokeshoni muno?

Oyamba ndi sukulu za pulaiveti ndi za mkaka, zimene zachuluka ku Area 25, Area 23, Kawale ndi Chinsapo, iliyonse ndi baji yake. Kenako makampani a alonda, magalaja, malo odyera, mabungwe omwe si aboma, ndi mafakitale a ku Kanengo amene ogwira ntchito ake ambiri amakhala ku Mgona ndi Area 25. Mipingo ndi msika wosatha: makwaya, amayi a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma, a Dorika ku Seventh-day Adventist, mabungwe a amayi a Katolika, malamba a abusa ndi ansembe, nsalu za paguwa. Palinso magulu a banki m'khonde, a kabaza, matimu a mpira a m'madera, ndi malamba a omaliza maphunziro. Chiyambireni ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, zovala za chitenje za Lachisanu zinawonjezera ntchito ya kupeta makolala ndi matumba.

Koma si oda iliyonse imene ili ya makina opetera. Matisheti 2,000 a msonkhano wa tsiku limodzi, kapena a kampeni monga a chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, amadindidwa ndi utoto, chifukwa kudinda n'kofulumira ndi kotchipa zinthu zikachuluka. Chithunzi cha nkhope ya munthu, kapena cholembedwa chachikulu kumsana kwa tisheti yopyapyala, nachonso n'cha odinda. Kupeta kumapambana pa chovala chimene chivalidwe chaka chonse, pa chipewa, pa jekete, ndi pamene kasitomala akufuna kuoneka wolemekezeka. Wopeta amene amauza kasitomala kuti ntchito iyi apite nayo kwa odinda amamuonanso mwezi wamawa.

Mtengo wa baji amauwerengera bwanji?

Padziko lonse amawerengera pa masitichi 1,000 aliwonse, chifukwa masitichi ndiwo nthawi ya makina. Baji ya masitichi 15,000 singafanane mtengo ndi ya 5,000 ngakhale zikhale zofanana kukula. Wopeta aphatikize lendi, mayunitsi a magetsi, malipiro a woyendetsa, ngongole ya makina ndi ndalama yosungira zokonzetsera pa mwezi, agawe ndi maola amene makina amasokadi, osati maola amene shopu imakhala yotsegula. Zikatero amadziwa mtengo wa ola limodzi, n'kuwonjezera ulusi, backing ndi phindu.

Kukonza fayilo kumalipitsidwa padera, kamodzi kokha, ndipo n'kwabwino kugwirizana poyamba kuti fayiloyo ndi ya ndani. Chitsanzo chimodzi chipetedwe pa chigamba, kasitomala achione, avomereze kalembedwe ka dzina, ndi kupereka theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ntchito isanayambe. Pakhalenso mgwirizano pa chovala chimene makina angachiboole, chifukwa tsiku lina zidzachitika. Kumasula baji yolakwika kumatenga nthawi yoposa kuipeta, ndipo timabowo ta singano sitichoka.

Kodi munthu angapete chizindikiro chilichonse chimene kasitomala wabweretsa?

Ayi. Lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act la 1967 limateteza mbendera ndi chizindikiro cha boma, ndipo kuzigwiritsa ntchito pa malonda kumafuna chilolezo. Baji za apolisi, asilikali ndi makampani a alonda zisapetedwe kwa munthu wongobwera yekha wopanda kalata ya ofesi yake, chifukwa yunifolomu yabodza ndi chida cha akuba. Zizindikiro za Nike, Adidas, kapena za matimu monga Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers zili ndi eni ake, ndipo lamulo la Trademarks Act la 2018 limawapatsa mphamvu yodandaula. Kugula chipewa chopanda kanthu pa kaunjika wa ku Tsoka n'kupetapo dzina la kwaya kulibe mlandu. Kupetapo chizindikiro cha kampani ya eni n'kuchigulitsa ngati chenicheni ndi nkhani ina.

Nanga chisamaliro chake n'chotani?

Mdani wamkulu mu Lilongwe ndi fumbi la Ogasiti mpaka Novembala. Makina a kompyuta si a pakhonde la m'mbali mwa msewu wa dothi. Amafuna chipinda cha simenti, tebulo losagwedera ndi nsalu yofunditsa usiku. Shatulo imafuna dontho limodzi la mafuta oyera a makina osokera pakatha maola angapo a ntchito, osati oilo wa galimoto kapena mafuta ophikira. Ubweya wa pansi pa singano uchotsedwe ndi kaburashi tsiku lililonse. Ulusi ukayamba kuduka pafupipafupi, asanaitane mmisiri ayambe wasintha singano, kuulowetsanso ulusi kuyambira pa chikoni, ndi kuona bobini. Mavuto ambiri amathera pamenepo.

Ndiye amene alibe ndalama ya makina lero ayambire pati?

Ayambire pa zinthu ziwiri zosafuna madola: maoda ndi fayilo. Telala amene amasoka kale mayunifolomu a sukulu ziwiri kapena zitatu apitirize kupititsa mabaji kwa eni makina a mitu yambiri, koma azilemba m'kope kuchuluka kwa zimene wapititsa ndi ndalama imene walipira mwezi ndi mwezi. Pakatha chaka kopelo limasonyeza ngati ntchito ilipo ya miyezi yonse kapena ya Ogasiti ndi Seputembala yokha, ndipo ngongole ya makina imafuna kubwezedwa ngakhale mu Febuluwale, mwezi umene anthu amaganiza za ufa osati za baji.

Luso la kudula ndi kusoka limaphunzitsidwa m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo Don Bosco Youth Technical Institute ku Area 23 ndi imodzi mwa zophunzitsa utelala. Digitizing ndi phunziro lina, loyandikira kwambiri kwa achinyamata amene amakonza kale makadi a ukwati ndi mapositala pa laputopu. Wachinyamata wotere angathe kuika Inkscape ndi Ink/Stitch kwaulere, kukonza logo, kulipira mwini makina kuti amupetere pa chigamba, kuona pamene pakwinyika, n'kubwerera kukakonza. Akafika poti mafayilo ake akutuluka bwino pa kaki, pa gofu ndi pa chipewa, eni makina omwewo amayamba kumutumizira ntchito pa WhatsApp, ndipo telala ndi wachinyamatayo akaphatikiza kope la maoda ndi laputopu amakhala ndi poyambira pokambirana za makina a mutu umodzi wa singano 12 kapena 15.